Funsani Amisiri: Ndigule makamera ku Joni nditumize kwathu ku Mangochi?

Mwezi uno ndiye mafunso a makamera achuluka zedi, ena pa WhatsApp ena mwachita kundiimitsa ndikutsika kabaza pa msika wa pa boma, nde ndasankhapo asanu omwe ndaona kuti akuyankhulira anthu ambiri. Mayina ndachotsa ngati mwa masiku onse.

Malume, ine ndili ku Joni chaka chachisanu tsopano, nyumba ndinamanga cha ku Mpondasi mukukhala mayi anga ndi mlongo wanga ndi ana ake. Mwezi wathawu kunabwera anthu usiku magetsi atazima anathyola chitseko chakuseri kutenga plasma ndi njinga yamoto yomwe ndinagulira mphwanga kuti aziyendetsa kabaza, mpaka pano zii. Kuno ndaona set ya makamera 4 yotchipa bwino ndimafuna nditumize pa ma transporter, ndigule? Komanso ndizitha kuona pa foni ndili konkuno? — Mwana wa ku Mangochi, Johannesburg

Achimwene pepani kwambiri, ndipo tithokoze Mulungu kuti amayi ndi ana sanawavulaze. Koma kalata yanuyi tayiwerenganinso nokha, yankho lalikulu mwalilemba kale inuyo, anthuwo anabwera magetsi atazima. Set imeneyo mukaitumiza mmene ililimo munthu nkukaibaya pa soketi ya pabalaza ndiye kuti magetsi akathima nayonso yathima, ndipo wakuba amadikira nthawi yomweyo ya mdima. Mukukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts ndipo tinavutika ndi mdima kupitirira chaka. Nthawi imeneyo ndinaitanidwa makomo angapo kuti ndikawatsegulire zomwe kamera yajambula usiku wakuba, munthu wayima kumbuyo kwanga mtima uli m'mwamba akudikira kuona nkhope, ine kutsegula ndikupeza yajambula mpaka cha m'ma 7 madzulo kenako yadumpha mpaka mmawa nkhuku zikutuluka m'khola, pakatipo palibe kanthu. Zimapweteka kumuuza munthu zimenezo atawononga ndalama zake.

Nde ndalama yoyamba ipite ku batire, makamera abwere pambuyo. Masamu ake ndi osavuta. Kamera imodzi usiku timagetsi take ta infrared (kuwala kosaoneka ndi maso koithandiza kuona mumdima) tikayaka imadya ma watts cha m'ma 5 mpaka 8, bokosi lojambulira (DVR kapena NVR) lomwe lili ndi hard drive yosungira mavidiyo mkati limadya cha m'ma 15, router ya intaneti nayonso pang'ono, zonse pamodzi makamera 4 tingoti 50 watts. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga 1,200 watt-hours koma ikakhala ya asidi ija simuyenera kuitsitsa kupitirira theka apo ayi ifa msanga, nde mwatsala ndi 600, kugawa ndi 50 akukupatsani maola 12, usiku wathunthu. Ya lithium ndi yodula koma imalola kuitsitsa kwambiri ndipo imakhalitsa. Ka UPS kakang'ono kosunga moto wa kompyuta magetsi akazima kaja musadalire, mkati mwake mumakhala batire ya 7Ah, olo ola limodzi mwina sikafika. Ndipo muwauze kunyumba mwaulemu koma momveka kuti batire imeneyi ndi ya makamera basi, chifukwa ndimadziwa mmene zimakhalira mu October kutentha kwa kuno, magetsi akazima wina abayapo fani, wina foni, wina TV kuti aone mpira, pofika 10 koloko batire yatha.

Tsopano set yakeyo. Pali mitundu iwiri, ya DVR yomwe kamera iliyonse imakhala ndi waya wa chithunzi ndi wa moto, ndi ya NVR yomwe imayenda pa waya wa netiweki umodzi wokha wonyamula chithunzi ndi moto womwe, amati PoE. Ya DVR ndi yotsika mtengo ndipo amisiri ambiri kuno akuidziwa, ya NVR chithunzi chimakhala chabwinoko ndipo waya wake umafika mpaka mamita 100. Pa nyumba ya banja iliyonse ikhoza, bola mugule dzina lodziwika ngati Hikvision kapena Dahua chifukwa kamera imodzi ikafa kapena adapter ikapsa ina mukaipeza ku Limbe kapena ku Lilongwe, pomwe zopanda dzina zija ikafa imodzi kupeza inzake yogwirizana nayo ndi nkhani. Zikhale zosachepera 2MP, yomwe amalemba 1080p ija, ndipo za panja pakhale polembedwa IP66 kapena IP67 kuti mvula ndi fumbi la mwera zisalowe.

Musanalipire atsegule bokosi muone ngati muli hard drive, ma set ambiri otchipa amabwera opanda, mumangoona chithunzi pa TV koma palibe chikusungidwa. Gulani yopangira makamera yomwe imapirira kuzungulira usana ndi usiku, WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ya 1TB pa makamera 4 ojambula osalekeza imasunga masiku 11 kapena chapompo kenako imayamba kufufuta zakale, mukaika kuti izijambula pokhapokha chinthu chikayenda masiku amachulukirapo. China choiwalika, ma plug a ku Joni ndi a mano ozungulira pomwe kuno masoketi athu ndi a mano a folokona, mphamvu ya magetsi ndi yofanana nde ndikungosintha plug, koma asinthe bwinobwino osati zolowetsa mawaya ndi timitengo ta machesi. Pakhalenso surge protector yoteteza zipangizo magetsi akabwera ndi mphamvu yopyola, magetsi akamabwerera ndi nthawi ya ziphaliwali ndi pomwe ma DVR ambiri amapsa.

Poika pake ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama. Munthu amafuna kamera pamwamba penipeni pa denga kuti izioneka bwino ndi kuona bwalo lonse, zoona iona bwalo lonse, koma wakuba akabwera muona pamwamba pa kapu yake basi, apolisi atani nacho chipewa? Ikani pa mamita 2.5 mpaka 3, pomwe munthu sangaifikire ndi dzanja koma ikuonabe nkhope. Ndipo imodzi mwa zinayizo ipatseni ntchito imodzi yokha, kugwira nkhope ya aliyense wolowa pa geti, imeneyo ikhale ya lens ya 4mm kapena 6mm yoona pafupi, zinazo za 2.8mm zoona motambalala ziyang'ane chitseko chakuseri chomwe anathyolacho, pomwe pamagona njinga, ndi mbali ya mpanda yomwe ili yamdima. Osailozetsa kummawa molunjika, dzuwa likamatuluka ku mapiri a ku Namwera chithunzi chimangoyera anthu nkumaoneka ngati zithunzithunzi zakuda. Mawaya onse alowe mu conduit, mapaipi otetezera mawaya aja, dzuwa la kuno limaphika pulasitiki ndipo makoswe mu siling'i sasiya waya. Afunseninso amisiri ngati waya ndi wa kopa weniweni, pali wina wa aluminiyamu wongokutidwa kopa kunja, ukatalika usiku kamera imayamba kuzimazima.

Bokosi lojambuliralo asaliike pansi pa TV pabalaza chonde. Anthu anatenga plasma yanu aja akabweranso adzanyamula ndi bokosi lomwe, umboni wonse wapita nawo. Ena amabisa mu siling'i koma pansi pa malata ku Mangochi mu October ndi ng'anjo, hard drive siichedwa kufa. Ine ndimakonda kabokosi kachitsulo kokhoma kokhala ndi mabowo a mpweya, kokhomera pamwamba kuchipinda kwa amayi komwe alendo salowa, waya umodzi wokha nkupita ku TV.

Za pa foni, ee mutha kuona muli ku Joni. Pafunika router ya SIM ya Airtel kapena TNM, ayese kaye pa nyumba pomwepo kuti yomwe ikukoka bwino ndi iti, osati zongomva. App yake ndi Hik-Connect ngati ndi Hikvision, DMSS ngati ndi Dahua. Kujambula sikudya bandulo chifukwa kumachitika mu bokosi, chomwe chimadya ndi inuyo mukatsegula kuonera, pa 1 Mbps ola limodzi ndi 450MB, nde muzisankha chithunzi cha quality yotsika mu app poonera ndipo osaisiya yotsegula tsiku lonse. Akaunti itsegulidwe pa email kapena nambala yanu, osati ya mmisiri, ndipo akamaliza ntchito musinthe pasiwedi nokha. Si kuti amisiri tonse ndife osakhulupirika ayi, koma munthu wa kunja asakhale ndi maso pakhomo pa amayi anu. Pasiwedi yobwera nayo ku fakitale ndiye yoopsa kwambiri, mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi ma DVR ochuluka padziko lonse pongoyesa mapasiwedi odziwika ngati admin ndi 12345. Ndipo kamodzi pa sabata muziyang'ana tsiku ndi nthawi pa kona ya chithunzi, Joni ndi Malawi nthawi ndi imodzi nde ikuyenera kufanana ndi ya pa foni yanu, ikasokonekera magetsi akazima ndiye kuti kabatire kozungulira ka mkati mwa bokosi lojambulira katha.

Mitengo sindilemba, chichokereni November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti quotation imasintha mwezi usanathe. Funsani amisiri awiri kapena atatu akulembereni chilichonse payekhapayekha, batire, waya, conduit, ntchito ya manja, ndipo mukaone kaye kapena mutume mlongo wanu akaone ntchito yomwe anagwirapo kale, usiku osati masana.

Amisiri, ine ndi msodzi wa ku Makawa ndili ndi kastolo pafupi ndi dooko momwe ndimasunga injini ya boti, chilimira ndi mafuta. Kulibe magetsi. Anzanga awiri aberedwa ma injini chaka chino. Ndamva za kamera ya sola yolowa SIM, imagwira ntchito? — Msodzi, Makawa

Abambo imagwira, ndipo malo ngati anuwo ndi omwe anaipangira. Imabwera ndi kapanelo kake, batire mkati, polowetsa SIM ya 4G ndi polowetsa memory card. Koma mudziwe mmene imagwirira kuti musadzakhumudwe. Zambiri sizijambula nthawi zonse ayi, zimagona kuti zisunge batire, muli kasensa komva kutentha kwa thupi loyenda nde munthu akadutsa ndi pomwe imadzuka kujambula ndi kutumiza uthenga pa foni. Kudzukako kumatenga kamphindi, ndipo kasensako kamamva bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika, komanso sikafika patali, mamita 10 mwina osakwana. Nde musaiike pa mtengo kutali kuti ione dooko lonse, iikeni pafupi ndi chitseko cha stolo, chammbali, kuti wobwera kudzathyola loko adutse kutsogolo kwake ndipo achedwepo.

Pa dooko pamadutsa anthu usiku wonse, alovi, ogula usipa, agalu, mbuzi, ikamadzuka pafupipafupi batire imatha kusanache makamaka mu June ndi July kukakhala mitambo, nde ichepetseni malo oyang'ana ingoona chitseko. Panelo ipendekere kumpoto chifukwa ife tili kummwera kwa equator, ndipo muzipukuta, fumbi ndi zitosi za mbalame zimadula moto kwambiri. Memory card gulani yeniyeni mushopu yodalirika, zabodza zija zimalembedwa 128GB koma zikadzadza pang'ono zimayamba kuwononga mavidiyo osakuuzani. SIM isathe bandulo ndipo ikhale yolembetsa m'dzina lanu.

Koma ndikuuzeni zoona abambo, injini ya boti ndi chuma chachikulu, kamera yokha ndi yochepa. Kamerayonso ikhoza kubedwa ndi panelo lomwe, nde ikhale m'kachitsulo kowotcherera. Injini imangidwe tcheni ku chitsulo chomizidwa mu simenti, serial number yake muijambule pa foni ndi kuilemba mu kope limodzi ndi lisiti, chifukwa ikadzapezeka ku Monkey Bay kapena ku Makanjira itapakidwa penti ina, chomwe chidzakuthandizeni ndi nambala imeneyo. Ndipo mugwirizane ndi anzanu pa dooko ndi a community policing kuti uthenga ukalira pa foni 2 koloko usiku inu muli panyanja, ndani athamangireko.

Kamera yanga masana imaonetsa bwino koma usiku mumangokhala zoyera ngati chifunga ndi timizere tovinavina, foni imangolira usiku wonse. Yafa? — Mayi wa golosale, Namwera

Amayi siinafe. Tengani tsache lofewa mukayang'ane kutsogolo kwa galasi, mupeza ukonde wa kangaude. Timagetsi ta kamera timaitana tizilombo touluka, kangaude amatsatira chakudya nkuluka pomwepo, kuwala kwa infrared kukamenya ulusiwo kumabwerera mu lens nkuyeretsa chithunzi chonse, mphepo ikagwedeza ulusi kamera imayesa munthu. Pukutani ndi kansalu kofewa sabata iliyonse, osapopera mankhwala pa galasi. Ikapitiriza onani ngati khoma loyera kapena malata a khonde sali pafupi kwambiri ndi kamera, nazonso zimabweza kuwala, kungoipotoza pang'ono basi. Njira ina ndikuika babu la sola chapatali pang'ono lounikira pakhomo pa golosale, tizilombo tipite kumeneko, kamera nayo ipeze kuwala.

Malume ndithandizeni. Bambo a kunyumba ali kunja ndipo anatuma munthu kudzaika makamera akuti chifukwa cha akuba, koma ina anaika pabalaza ina pa kolido yoyang'ana chitseko cha kuchipinda, nde amangoimba kuti wabwerayo ndani, wapita kuti, olo achimwene anga enieni akabwera ndi mlandu. Mtsikana wantchito wachoka. Oyandikana nawo akudandaulanso kuti ya panja ikuona bafa yawo. Nditani? — Mayi wa pa boma

Achemwali kalata yanu ndaiwerenga kangapo ndipo yandikhudza, chifukwa ntchito zoterezi zimabwera kwa ife amisiri ndipo ine ndinayamba kukana, munthu akandituma kuika kamera mkati mwa nyumba ndimafunsa kaye ngati okhala mnyumbamo akudziwa ndipo avomera. Wakuba amachokera kunja, nde kamera ya chitetezo imayang'ana geti, zitseko, mawindo ndi mpanda. Yoyang'ana chitseko cha kuchipinda ikulondera inuyo, ndipo munthu sungakhale mwamtendere mnyumba mwako momwe ukudziwa kuti ukatuluka ndi chitenje chokha kupita kukasamba pali diso. Komanso si amuna anu okha omwe angaone, amene anaikayo ngati anasunga pasiwedi nayenso akuona, bambowo mwina sanaganizireko zimenezo ndipo ndi poyambira pabwino pokambirana nawo.

Musaithyole kapena kudula mawaya, zingokulitsa mkangano ndipo adzati pali chomwe mukubisa. Muwauze modekha kuti makamera a panja mukuwafuna chifukwa nanunso mumaopa akuba, koma awiri a mkatiwo asamutsidwe apite ku khomo lakuseri ndi ku mpanda, ndipo app ikhalenso pa foni yanu chifukwa amene mumagona mnyumbamo ndinu. Akakana, nkhani imeneyi ndi ya ankhoswe, chifukwa vuto lake ndi kukhulupirirana ndipo mmisiri sangalikonze. Zikafika poopsezana kapena kukuletsani kuona abale anu, ku polisi kuli Victim Support Unit, musachite manyazi kupitako.

Za oyandikana nawo akunena zoona ndipo zikonzedwe sabata ino. Mabafa athu ambiri ndi a mpanda wa udzu opanda denga, kamera ikakhala pamwamba imaona mkati. Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 21 amapereka ufulu wa chinsinsi kwa munthu aliyense, nde iwo ali ndi pomwe angayime akafuna kukadandaula. Itsitsidwe iyang'ane mkati mwa mpanda wanu, ndipo mu menu ya DVR muli chotchedwa privacy mask, mumajambula kabokosi kakuda pa mbali yomwe isamaoneke ndipo siijambulidwanso. Mukatha muwaitane amayi a nyumba inayo adzaone okha pa TV kuti bafa yawo siikuonekanso, mtima wawo ukhale pansi.

Aise kamera yagwira mfana yemwe wakhala akutibera nkhuku ndi zovala pa chingwe, nkhope ikuoneka ndithu. Ndiponye pa Facebook ndi pa group ya m'dera anthu amudziwe? — Mnyamata wa ku Koche

Ayi mphwanga usaponye. Ndikumvetsa mkwiyo wako koma wadzionera wekha zomwe zimachitika chithunzi chikangozungulira m'magulu, anthu amayamba kusaka okha ndi zibonga ndi petulo, munthu nkufera nkhuku, ndipo chithunzi cha usiku chakuda ndi choyera chimanamiza, mwana wa eni wosalakwa wongofanana naye akhoza kuphedwa iwe nkukhala woyambitsa. Komanso ukaponya mfanayo athawa ndipo mlandu wafooka.

Chita izi lero lomwe hard drive isanafufute. Baya flash kumbuyo kwa DVR, pita pa Backup kapena Export, sankha kamera ndi nthawi kuyambira mphindi zingapo asanalowe mpaka atatuluka, osangodula pa nkhope pokha, ndipo utenge vidiyo yeniyeniyo osati kujambula TV ndi foni kapena kutumizirana pa WhatsApp chifukwa imafinyidwa nkhope nkuwonongeka. Koperanso pa flash yachiwiri usunge wekha. Ona ngati wotchi ya pa chithunzi ikugwirizana ndi nthawi yeniyeni, ngati yatsalira kapena yatsogola lemba kuti ndi mphindi zingati uwauze apolisi pompo. Kenako pita ndi mkulu mmodzi wa pakhomo kwa apampando a community policing a m'dera lanu ndi ku polisi, ndipo ngati mfanayo ndi wamng'ono, wosakwana zaka 18, unene zimenezo poyamba penipeni chifukwa nkhani za ana zili ndi njira yake ndipo makolo ake ayenera kuitanidwa.